Madzi a Matope ndi Tinthu Tosaoneka: Nkhani ya Makoloidi

 Nkhani imene ndabwera nayo inayamba ndi manyazi anga, ndipo ndiyenera kuwaulula poyamba.

M'dzinja lapitali ndinalikuphunzitsa ana a giredi 6 za madzi. Ndinatunga madzi a matope kudambo, ndi kuwathira m'botolo, ndi kuuza ana molimba mtima kuti m'mawa mwace adzaona matope onse atakhala pansi ndi madzi atayera. Kutaca, mcenga unalidi pansi, koma madzi a pamwamba anali otuwa ndithu. Unatha mlungu, madzi ali cituwire. Pamenepo mtsikana wina anakweza dzanja nafunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi dothi silolemera koposa madzi? Nanga cirikulikoleka m'mwambamo n'ciani?" Ine ndinasowa coyankha, ndipo ndinangomuuza kuti tiyembekeze. Akulu anati safunsa anadya phula. Tsono popeza mwanayo anafunsa, ine ndinaona kuti ndiyenera kukafunsanso. Zimene ndinapeza ndizo ndifuna kugawana nanu lero.

Tiyambe ndi msinkhu wa tinthu timene tirikunena. Mukathira mcere kapena shuga m'madzi, zisungunuka ndi kutayika, pakuti zagawika kufikira tizigawo tocepetsetsa timene akatswiri amaticha mamolekyulu ndi maatomu. Mukathira mcenga, umira msanga, pakuti njere zace ndi zazikulu. Koma pakati pa ziwirizi pali mtundu wacitatu: tinthu tokula koposa mamolekyulu, koma tocepa kwambiri koposa mcenga. Tinthu totere timachedwa makoloidi. Onani rula yanu, ndi kuyang'ana milimita imodzi. Koloidi wamkulu ali ngati gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimitayo, ndipo wamng'ono ali ngati gawo limodzi mwa magawo 1,000,000. Kuti makoloidi akuluwo afole mzere wolingana ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi, pafunika pakati pa 50 ndi 100. Dongo la m'madzi, utsi, nkhungu, mkaka, utoto, inki, utomoni wa mitengo, ngakhale mwazi wathu, zonsezi ziri ndi tinthu ta msinkhu umenewu kapena wa pafupi nao.

Dzinali analipanga Thomas Graham, wa ku Scotland, m'caka ca 1861. Iye anamanga pepala lolimba longa cikopa kukamwa kwa cotengera, nathiramo zinthu zosiyanasiyana, nabviika m'madzi oyera. Anaona kuti mcere ndi shuga zinapyola pepalalo mosabvuta, koma zinthu zomata monga utomoni ndi phala la sitaci zinatsalira m'kati. Zotsalirazo anazicha ndi liu locokera ku Cigriki lotanthauza comatira, ndipo ndilo liu lathu ili la koloidi. Musaganize kuti anali masewera cabe. Njira yomweyo ya kusefa ndiyo anaigwiritsa nchito dokotala Willem Kolff ku Netherlands, pamene anapanga makina otsuka mwazi wa anthu odwala impso m'caka ca 1943, ndipo makina a mtundu umenewo alikusunga miyoyo ya anthu ambiri m'zipatala kufikira lero.

Tsono tibwerere ku funso la mwana uja. Yankho lace liri ndi mbali zitatu, ndipo mbali iri yonse inapezeka ndi anthu ace, pa nthawi yace.

Mbali yoyamba ndi kucepa. M'caka ca 1851 George Stokes wa ku Cambridge anaonetsa ndi masamu kuti kanthu kakang'ono kakamamira m'madzi, liwiro lace limatsika msanga koposa msinkhu wace: kakacepa kakhumi, kamacedwa kumira ka 100. Njere ya mcenga ya milimita imodzi imira mita yathunthu m'masekondi owerengeka. Kadongo ka gawo limodzi mwa 1,000 a milimita kafuna pafupi milungu iwiri kuti kamire mita yomweyo. Kadongo kocepa kakhumi koposa apo kafuna zaka zoposa zitatu. Cotero mwanayo sanalakwe: dongo ndi lolemeradi koposa madzi, ndipo lirikumira, koma mwa ulesi woti maso athu sangauone.

Mbali yaciwiri ndi yodabwitsa koposa. M'caka ca 1827 Robert Brown, katswiri wa zomera wa ku Scotland, analikuyang'ana mungu wa maluwa m'dontho la madzi ndi galasi lokuza zinthu, lochedwa maikulosikopu. Anaona tinthu tating'ono toturuka m'munguwo tirikunjenjemera ndi kudzandira uku ndi uku osapuma. Poyamba anayesa kuti tiri ndi moyo. Koma munthuyo anali wosamala, ndipo pano pali phunziro kwa ife aphunzitsi: sanathamangire kulengeza. Anapera galasi, anapera miyala ya mitundu yambiri, ngakhale kacidutswa ka mwala wa cifanizo ca Sphinx ca ku Egypt, ndipo pfumbi la zonsezi linabvina cimodzimodzi. Anatsimikiza tsono kuti si moyo ai, koma cifukwa cace sanacipeze.

Panapita zaka 78. M'caka ca 1905 Albert Einstein, mnyamata wa zaka 26 wogwira nchito ya ukalaliki mu ofesi ya boma ku Bern, m'dziko la Switzerland, analemba kufotokoza kwace. Anati madzi ndi khamu la mamolekyulu othamanga kosalekeza cifukwa ca kutentha, ndipo amagunda kanthu kali konse kali m'madzimo ku mbali zonse. Cinthu cacikulu sicimva, pakuti kugunda kwa uku ndi kwa uko kumalingana. Koma kanthu kakang'ono, nthawi zina kamagundidwa kwambiri kumanzere, nthawi zina kumanja, ndipo kamadzandira. Yerekezani mpira waukulu uli pakati pa ana ambiri osaoneka pabwalo la sukulu. Inu muli patali mungaone mpira wokha ulikuyenda mopanda njira, koma mungazindikire kuti pali amene alikuukankha. Einstein anawerengeratu ndi masamu kutalika kumene kanthu kotere kayenera kusuntha pa nthawi yoikika.

Amene anayesa masamuwo ndiye Jean Perrin wa ku Paris, kuyambira m'caka ca 1908. Anatenga utomoni wacikasu wa mtengo wina wa ku Asia, napanga timipira tating'ono, nathera miyezi posankha tolingana msinkhu. Iye ndi ophunzira ace ankayang'ana kampira kamodzi m'maikulosikopu, ndi kulemba pa pepala pamene kafika pa masekondi 30 ali onse. Zimene anapeza zinabvomerezana ndi masamu a Einstein. Muzindikire kuti pa nthawiyo panali akatswiri ochuka amene sanakhulupirire kuti maatomu alipodi. Ankati ndi fanizo cabe lothandiza powerengera. Nchito ya Perrin ndiyo inathetsa mkanganowo, ndipo iye analandira mphotho ya Nobel m'caka ca 1926. Cotero kunjenjemera kwa tinthu tonga dongo la m'botolo langa ndiko kunapatsa anthu umboni wakuti zinthu zonse zapangidwa ndi maatomu. Ndipo kunjenjemera komweko ndiko kumatakasa tinthu tocepetsetsa, kuti tisakhazikike pansi konse.

Koma wina angafunse kuti, ngati tinthuti timayendayenda, bwanji sitigundana ndi kumatirirana, ndi kukhala zibuma zazikulu zomira msanga? Iyi ndiyo mbali yacitatu. Mukudziwa kuti mukakhuza colembera ca pulasitiki m'tsitsi cimanyamula tizidutswa ta pepala. Imeneyo ndi mphamvu ya magetsi. Mphamvuyi iri ya mitundu iwiri, imene amailemba ndi zizindikiro za masamu, cophatikiza ndi cocotsera. Zofanana zimakankhana, zosiyana zimakokana. Tinthu ta dongo tiri ndi mphamvu ya cocotsera pankhope pao, tonse cimodzimodzi. Tsono tikayandikizana timakankhana, ngakhale pali mphamvu yina yofuna kutimatiriza tikagundana kwenikweni. Kulimbana kwa mphamvu ziwirizi anakufotokoza ndi masamu Boris Derjaguin ndi Lev Landau ku Soviet Union m'caka ca 1941, ndiponso Evert Verwey ndi Theodoor Overbeek ku Netherlands, amene anasindikiza buku lao m'caka ca 1948. Magulu awiriwa anagwira nchito pa okha, nkhondo itawalekanitsa, koma anafika pa yankho limodzi.

Pano tafika pa cinthu ca phindu. Ngati cimene ciletsa dongo kumatirirana ndi mphamvu ya cocotsera, ndiye kuti tikathira cinthu cofoola mphamvuyo, dongo lidzaundana ndi kumira. Mcere umacita zimenezi. N'cifukwa cace mitsinje yaikulu monga Zambezi, ikafika kunyanja ya mcere, imatula matope ambiri pamathiriro pace. Michael Faraday anaziona m'njira yina ku London. M'caka ca 1857 anafotokoza za madzi amene anapanga okhala ndi tinthu ta golidi tocepetsetsa; madziwo sanali acikasu monga golidi, koma ofiira, ndipo atathiramo mcere anasanduka obiriwira monga thambo, pakuti tinthuto tinaundana. Mabotolo ena a madzi ofiirawo asungidwa ku Royal Institution kufikira lero, ndipo golidi wace sanamire ngakhale papita zaka zoposa 160.

Pali zinthu zina zoposa mcere pa nchitoyi. Kumalo oyeretsera madzi a m'mizinda amathira mankhwala ochedwa alamu, amene mphamvu yace ya cophatikiza ndi yaikulu, kotero kuti pang'ono pokha pamakwanira. Amatakasa, dongo liundana monga ubweya, limira, kenaka asefa madziwo mumcenga ndi kuthiramo klorini. Ndipo kumudzi tiri ndi mtengo wa cammwamba, umene ena amaucha moringa. Njere zace ziri ndi zinthu zosungunuka m'madzi zokhala ndi mphamvu ya cophatikiza, zimene zimakola tinthu ta dongo ndi kutimanga pamodzi. Nzeru iyi sinayambire m'masukulu akulu ai. Akazi a m'midzi ya m'mbali mwa Nile ku Sudan ankayeretsa madzi ndi njerezi kuyambira kale, ndipo katswiri wina, Samia Al Azharia Jahn, anaphunzira kwa iwo ndi kulemba za njirayi m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Pambuyo pace akatswiri a ku Leicester, ku England, anayesa njerezi pamalo oyeretsera madzi ku Thyolo, ku Malawi, m'zaka za m'ma 1990, napeza kuti zimacotsa matope monga alamu.

Koma pano, abale anga, ndipempha kuti mundimvetsetse, pakuti ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Madzi oyera m'maso si madzi abwino kumwa ai. Cammwamba cimacotsa matope pamodzi ndi tizirombo tambiri tomatirira ku matopewo, koma sicipha tonse. Tizirombo ta kolera ndi ta matenda ena a m'mimba tiri ta msinkhu wonga wa makoloidi akulu aja, ndipo m'madzi ooneka mbee tingakhalemo tambirimbiri. Tonse tikumbukira mliri wa kolera umene unayamba m'dziko lathu la Zambia mu October 2023, umene unapha anthu mazana ambiri, ndi kucedwetsa kutsegulira masukulu mu January 2024. Mwana akacoka m'kalasi mwanu ali ndi maganizo akuti njere za cammwamba zakwanira, mwamupatsa theka la nzeru, ndipo theka limenelo lingamuphe. Dongosolo lace ndi ili: poyamba kucotsa matope, pambuyo pace kuwiritsa kapena kuthira klorini. Kucotsa matope kuyenera kutsogola cifukwa matope amadya mphamvu ya klorini ndi kubisa tizirombo. Ndiponso madzi oyeretsedwa ndi njerezi asasungidwe masiku, pakuti zotsalira za njere zimasanduka cakudya ca tizirombo.

Tsono ndinene mwacidule za kumene maphunzirowa afika. Masiku ano makoloidi amawerengedwa pamodzi ndi zinthu zina zimene siziri zolimba monga mwala kapena zoyenda monga madzi: phala, thobvu, sopo, mphira, mafuta odzola. Akatswiri amazicha zinthu zofewa. Amene anachukitsa dzinali ndiye Pierre-Gilles de Gennes wa ku France, amene analandira mphotho ya Nobel m'caka ca 1991. Iye ankaphunzitsa kuti cizindikiro ca zinthu zofewa ndico cakuti kusintha kwakung'ono kumabala zotsatira zazikulu, ndipo ankakonda citsanzo ca mphira. Anthu a ku Amazon ankapaka utomoni wa mtengo wa mphira kumapazi, ndipo mpweya unkaulimbitsa nukhala ngati nsapato. Koma nsapatozo sizinakhalitse, pakuti mpweya womwewo unkapitiriza nchito ndi kuziononga. M'caka ca 1839 Charles Goodyear ku America anapeza kuti sulfure wocepa, akatenthedwa pamodzi ndi utomoniwo, amamanga tizingwe tace tatitali apa ndi apo monga mfundo za ukonde, ndipo cinthu camadzimadzi cisanduka mphira wolimba wa matayala a njinga zathu. Atalandira mphotho, de Gennes anayendera masukulu ambiri a m'dziko lace kukakamba zimenezi ndi ana, cinthu cimene ciyenera kutilimbitsa mtima ife.

Nchito sinaime pamenepo. M'caka ca 1986 Peter Pusey ndi William van Megen anaonetsa kuti timipira ta pulasitiki tolingana msinkhu, tikapanikizana m'madzi, timafola tokha m'mizere yolongosoka monga amacitira maatomu m'njere ya mcere. Tikapanikizana mopitirira, timauma pomwepo tisanafole, monga zimakhalira m'galasi. Popeza timipirati timaoneka m'maikulosikopu, akatswiri amatigwiritsa nchito ngati maatomu akulu, ndi kuphunzira ndi maso zimene m'maatomu enieni n'zobvuta kuziona. M'caka comweco Arthur Ashkin ndi anzace ku America anapeza njira yogwirira kanthu kamodzi kakang'ono ndi kuwala kwamphamvu, monga ndi mbano, ndipo iye analandira mphotho ya Nobel m'caka ca 2018 ali ndi zaka 96. Ndipo ena mwa makatemera a matenda a korona amene anayamba kuperekedwa m'caka ca 2020 anali makoloidi ndithu: timadontho ta mafuta ta pafupi gawo limodzi mwa 10,000 a milimita, tokutira mankhwala osacedwa kuonongeka kuti akafike m'thupi ali amphumphu.

Mwina ena alikunena mumtima kuti zonsezi ndi za masukulu okhala ndi zipangizo, pamene ife tiribe ngakhale maikulosikopu imodzi. Tsono ndichule zoyesa zisanu zimene sizifuna ndalama.

Coyamba: thirani madzi a mcere m'tambula imodzi, ndi madzi okhala ndi madontho awiri a mkaka m'tambula yina, ndipo muunike ndi nyali ya m'manja ca m'mbali, m'cipinda ca mdima. M'madzi a mcere njira ya kuwala siioneka, koma m'madzi a mkaka ioneka bwino, pakuti makoloidi amamwaza kuwala. Zimenezi anazifufuza John Tyndall ku London m'caka ca 1869, ndipo mwana ali yense anaziona kale pamene dzuwa lilowera pa kaboo ka denga m'nyumba ya utsi.

Caciwiri: dzazani mabotolo atatu ndi madzi a matope. Loyamba mulisiye; m'laciwiri muthire masupuni awiri a mcere; m'lacitatu muthire ufa wa njere imodzi kapena ziwiri za cammwamba, zouma ndi zosenda, pa lita imodzi. Khuchumulani mwamphamvu kanthawi, kenaka pang'onopang'ono, ndi kuwaika pa zenera. Ana alembe zimene aona pa ora liri lonse. Muyambe mwayesa nokha kunyumba, pakuti dongo limasiyana malo ndi malo, ndipo musalonjeze ana cimene simunacione, monga ndinacitira ine.

Cacitatu: finyirani ndimu mumkaka. Mkaka uli ndi tinthu toyera tokankhana monga dongo lija. Cowawasa ca ndimu cifoola kukankhanako, ndipo mkaka uundana pomwepo. Ndi zomwe zimacitika pang'onopang'ono pamene mkaka usasa ndi kukhala cambiko, pakuti tizirombo tabwino timasandutsa shuga wa mumkaka kukhala cowawasa.

Cacinai: khuchumulani mafuta ndi madzi m'botolo, ndipo ana aone kuti zilekana msanga, kenaka onjezani sopo pang'ono ndi kukhuchumulanso. Molekyulu ya sopo iri ndi mutu wokonda madzi ndi mcira wokonda mafuta, cotero imazinga timadontho ta mafuta ndi kutiletsa kuphatikana. Apa mwana adzamvetsa cifukwa cace kusamba m'manja ndi sopo kuposa kusamba ndi madzi okha.

Cacisanu: perani cinangwa, finyani m'madzi, ndi kutenga ufa woyera wosalala umene ukhala pansi. Usakanizeni ndi madzi ocepa. Mukalowetsa cala pang'onopang'ono cimira, koma mukamenya mwamsanga phalalo liuma ngati thabwa, pakuti njere zace zimapanikizana ndi kukolana zisanapeze mpata wopatukirana.

Potsiriza, ndikuuzeni za mtsikana uja. Patapita milungu itatu ndinabwerera m'kalasi ndi mabotolo atatu, ndi kunena pamaso pa ana onse kuti tsiku lija ndinalakwa, ndi kuti funso lace linazunguza anthu anzeru kwa zaka zoposa 100. Ndinaopa kuti ulemu wanga udzacepa, koma cimene cinacitika n'cakuti manja okwezedwa m'kalasimo anacuruka kuyambira tsikulo. Pamene botolo lacitatu linayera, mnyamata wina anapempha kuti alawe. Ndipo ndisanatsegule pakamwa, mtsikana yemweyo anamuletsa, nati ayambe wawiritsa.

Pempho langa kwa inu ndi ili: pamene mvula idzayamba ndi mitsinje idzafiira, sukulu iri yonse iike mabotolo atatu pa zenera, ndipo pa msonkhano wathu wotsatira tidzafanizire zimene dongo la kwanu ndi la kwathu lacita.